Zilembo Pachikhatho cha a Anselmo

Inu amene mukuti zanu zada, amene pemphero likumakuthinani pakhosi, tasenderani kuno ndikuuzeni za mayi wina dzina lake Modesta.

Chaka cha 1969, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, amuna ake a Modesta, bambo Anselmo, anatsitsidwa m'galimoto ya asilikali atakulungidwa nsalu kumaso. Ankachokera kuchipatala ku Cuamba. Miyezi ingapo m'mbuyomo, ali pa njinga mumsewu wa ku Massangulo, lole imene inali patsogolo pawo inaponda bomba lokwirira pansi, lija anthu ankalitcha mina. Tsoka silinunkha. Moyo unatsala, koma maso onse awiri anapita.

Masiku amenewo boma la Apwitikizi linali litasonkhanitsa anthu a midzi yambiri m'mudzi umodzi wozingidwa ndi waya, pakati pa Mandimba ndi Massangulo. Kumunda anthu ankapita chipata chikatsekulidwa, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Ansembe anali atasiya kubwera chifukwa msewu unkaopsa. Choncho Akhristu ochepa a m'mudzimo ankadalira a Anselmo, amene ankawawerengera Baibulo lachinyanja Lamulungu lililonse patsinde pa mkuyu. Bukulo analigula ali mnyamata, akuthyola tiyi ku Mulanje, ndipo ankalisamala kuposa njinga yawo.

Atafika pakhomo, a Anselmo analowa m'nyumba, nagona pamphasa nkhope italoza kukhoma. Basi, sanatulukenso. Anzawo akumpingo akabwera kudzawazonda, ankadzigonetsa dala. Modesta akabwera ndi phala, ankangoti, "Kapatse nkhuku." Munthu anayamba kutha ngati sopo.

Tsiku lina anayankhula mawu amene anamuopsa Modesta.

"Make Rozi, usavutike nane. Mulungu wandichotsa ntchito. Wochotsedwa ntchito sadikira phoso."

Apo Modesta anazindikira kuti amuna ake akufa, ndipo chowapha si mabala ayi. Mabala anali atapola. Ngati sipapezeka chowadzutsa pamphasapo, mvula ikamadzagwa idzagwera pamanda pawo.

Nanga akanatani? Modesta anali wobatizidwa, nyimbo ankaimba bwino, koma m'kalasi anali asanapondemo. Mulungu ankamutenga ngati apongozi aamuna, munthu wolemekezeka amene umamugwadira uli patali maso ali pansi, nkhani zonse n'kumadzera kwa amuna ako. Tsono amuna akewo ndi amene anali atatseka pakamwa. Iye anangochita chimene ankachidziwa. Anatenga Baibulo lija, nalikulunga m'chitenje chatsopano, chija amati kapulana, nalimanga mfundo zolimba, n'kuwatsamiritsa odwalawo.

Pakhomo loyandikana ndi lawo panali Mariamo, Myao wachisilamu wogulitsa nsomba zouma zochokera ku nyanja ya Chiuta. Mayi ameneyu analibe mawu onong'ona. Akamakuuza chinsinsi, a kuchipata ankayamba ndiwo kuchimva. Tsiku lina anasuzumira m'nyumbamo, kenaka anamukokera Modesta pakhonde.

"Chemwali, atsamira chiyani bambowa?"

"Ndi buku la Mulungu. Ndati mwina mphamvu yake iwalowe."

Mariamo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Iwalowe kudzera pankhongo? Amuna anga a Amade, lawo lija amalitsekula m'mamawa uliwonse n'kumaliimba mpaka nkhuku kusowa mtendere. Mchere uli m'chikho ndiwo n'kukoma, unazionapo kuti?"

"Ine sindidziwa kuwerenga."

"Nanga kubereka unkakudziwa? Si unangoyamba?"

Modesta analowa, nasolola bukulo pang'onopang'ono, n'kuikapo chiguduli. Amayi awiriwo anakhala pakhonde, msana atatsamira khoma lomwelo limene a Anselmo ankayang'anako, namasula mfundo zija.

Mariamo analanda bukulo ngati mwini wake. Analitembenuza n'kulitsekulira kumapeto.

"Buku limayambira uku," anatero mokweza. "Ndipo chala chako chiziyenda kuchokera kumanja kupita kumanzere. Ndimawaona a Amade tsiku ndi tsiku, usanditsutse."

Mayiyo sankanama. Buku la amuna ake linali la Chiarabu, ndipo limawerengedwa momwemo. Iye ankangoyesa kuti mabuku onse a Mulungu amayenda njira imodzi. Modesta anavomera, naika chala kumanja kwa tsamba, n'kuyamba kuchikokera kumanzere mwaulemu wonse.

"Eya, choncho! Kumanja, kumanja!" anatero Mariamo.

Mwadzidzidzi m'nyumba muja munamveka mawu osasa.

"Kumanzere!"

Amayi aja anayang'anizana.

"Mukumusocheretsa munthu, mayi inu! Ayambire kumanzere. Ndiponso mwatsekula kumapeto, ndakumvani ine."

Ndikuuzeni, bambo Anselmo anali ndi matenda amodzi amene bomba silinawachotse. Cholakwika sankatha kuchilekerera. Akanalola kufa ndi njala, koma kumva buku lawo likuwerengedwa chobwerera m'mbuyo, ayi ndithu, zimenezo ndiye zinawakulira. Mariamo anamutsina Modesta pantchafu, nanyamuka dzanja lili pakamwa, akuyenda monyang'ama.

Modesta analowa n'kugwada pambali pa mphasa.

"Ndayambira kumanzere, bambo a Rozi. Tsono ichi chokhala ngati nkhata n'chiyani?"

"Nkhata yotani? Zilembo zozungulira zilipo zambiri." Kenaka mawu awo anawawa. "Ukundifunsa ine, ndione ndi chiyani?"

Modesta anawagwira dzanja, nalitambasula, ndipo ndi chala chake chokhakhala ndi khasu anajambula pachikhatho pawo chimene ankachiona patsambalo. Anajambula mosamala, lilime lili panja ngati mwana.



"Ameneyo ndi o," anatero a Anselmo.

Anajambulanso china, cha miyendo itatu.

"Ameneyo ndi m. Koma mwendo wapakatiwo waupotoza."

"Si ine ndapotoza, dzanja lanuli likunjenjemera. Imwani kaye phala kuti lilimbe."

Anamwa masipuni angapo, akung'ung'udza kuti mchere wachepa. Modesta anatuluka ndi mbale ija, nazungulira kuseri kwa nyumba, n'kuvina yekhayekha popanda ng'oma.

Sukulu inayambika choncho. M'mawa chipata chisanatsekulidwe, ndi madzulo akaweruka kumunda, Modesta ankakhala pamphasa, buku pamiyendo, dzanja la amuna ake m'dzanja lake. Zilembo anazipatsa mayina akeake. China chinali mphanda ya nkhokwe, china njoka, china munsi woimika. Aphunzitsiwo anali aukali, osayamikira msanga, koma phala linkatha m'mbale, kenaka anayamba kufunsa ngati kulibe kambatata.

Sikuti zinali zophweka. Mutu umene wasenza mitolo ya nkhuni zaka zambiri sulandira zilembo mwachangu. Zimene waphunzira lero, mawa zinkakhala zitathawa. Kumunda akamapuma ankalemba pansi ndi kamtengo, amayi anzake n'kumamuseka.

"Modesta, ukalamba uno ufuna akulembe ukalaliki kuboma?"

Iye ankaseka nawo, koma kamtengo sankakataya. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Zilembo zinayamba kugwirana, n'kukhala mawu. Liwu loyamba limene anawerenga yekha, popanda chikhatho cha munthu, linali lakuti "Atate." Analibwereza kangapo, nathamangira kwa Mariamo manja ali mbuu ndi ufa.

"Chemwali, ndawerenga! Ndipo si apongozi ayi. Bukuli likuti Atate!"

Mariamo sanamvetse za apongozizo, koma nthungululu anaimba ndithu, mpaka msilikali wa pachipata anatembenuka.

Mitambo itayamba kusonkhana, Modesta anali atayamba kuwerenga mizere yathunthu, ngakhale mokoka. Pamenepo ndi pamene analakwitsa, ndipo analakwitsa chifukwa cha chikondi. Anakumbukira nkhani imene ankaimva patsinde pa mkuyu, ya wakhungu wopemphapempha m'mbali mwa msewu amene Yesu anamuchiritsa. Anaifunafuna mpaka anaipeza, naikonzekera mobisa kumunda, akuti akawasangalatse amuna ake. Madzulo ena anawawerengera yonse, monyadira, mpaka pamene wakhunguyo anapenya.

A Anselmo anachotsa dzanja lawo.

"Ameneyo anapenya. Nanga ine Mulungu ndinamulakwira chiyani? Zaka zonsezi ndakhala ndikumuwerengera anthu ake, mvula ndi dzuwa, popanda malipiro. Tseka bukulo."

"Bambo a Rozi, ine ndimati..."

"Ndati tseka!"

Anapinda manja m'khwapa, natembenukira kukhoma. Mawa lake phala linabwerera. Mkuja lake chimodzimodzi. Ulendo uno zinaopsa kuposa poyamba, chifukwa thupi linali lisanabwerere bwino, ndipo chifuwa chinawagwira. Modesta analira kuseri kwa nyumba komwe kuja anavinako. Anadziona chitsiru chimene chagwetsa ndi manja ake khoma limene chinamanga chokha.

Mariamo anamupeza pomwepo. Tsikulo sanaseke. Anamuikira kamlamba kouma pamiyendo, nati, "Ukasiya ndi iwe, ndiye kuti mwagona awiri. Adzadzutse mnzake ndani?"

Modesta sanasiye. Ankaika bukulo pansi pa dengu, n'kuphimba ndi kapulana, n'kupita nalo kumunda. Dzuwa likafika pamutu ankakhala pamthunzi n'kulitsekula. Tsopano panalibe chikhatho chofunsa. Liwu likamukanika ankalimbana nalo yekha, ndipo tsiku lina, atatopa nalo liwu lina lokanika, anangopezeka wayankhula mokweza.

"Inu eni ake bukuli, apa mwati chiyani?"

Anadzidzimuka ndi mawu ake omwe. Chibadwire anali asanamuyankhulepo Mulungu chotero, pamaso ndi pamaso, popanda womuperekeza. Anadikira ngati kugwa mphezi. Kunangowomba kamphepo, chimanga chaching'ono n'kumagwedera.

Masiku otsatira anatsekula pakati pa bukulo, napeza Masalimo. Zimene anazipeza m'menemo zinamuimitsa mutu. Munali anthu odandaula. Wina ankafunsa Mulungu kuti amuiwala mpaka liti. Wina ankati watopa ndi kulira, wina ankafunsa chifukwa chimene Mulungu wabisalira pa nthawi ya mavuto. Modesta anacheukacheuka ngati munthu amene wamva mkangano wa m'nyumba ya eni ake. Kenaka anayamba kuseka.

"Kani zimaloledwa? Ndipo anazilemba m'buku lawo lomwe, osazifufuta!"

Anaika bukulo pambali, nakhuthula zonse. Ananena za maso a amuna ake. Ananena za waya wozinga mudzi, za mfuti zolira kumapiri, za mwana wake Rozi amene anathawira ku Malawi ndi mimba, osadziwika ngati anachira bwino. Anakalipa, analira, anapepesa, n'kuyambiranso. Pomwe ankanyamula khasu, mtima wake unali utapepuka. Nkhondo inali ikadalipo, odwala anali akadali pamphasa, koma Modesta anabwerera kumudzi akuimba. Anali wokondwa, ndipo iye mwini ankadabwa nacho chimwemwe chimenecho.

Kuyambira pamenepo kuwerenga kunasanduka chakudya chake. M'mawa uliwonse, akadikira kuti chipata chitsekulidwe, ankakhala pakhonde n'kuwerenga Salimo mokweza. Akamaliza ankamuuza Mulungu zimene wamvapo, zina movomereza, zina mofunsa. Odwala aja sankawakakamiza kanthu. Ankangowaikira phala pafupi, n'kukakhala pakhonde paja. Koma khoma la nyumba za m'mudzi wa wayawo linali lopyapyala, ndipo makutu a munthu wosaona sagona.

M'mawa wina, mvula itagwa usiku, Modesta anafika pa Salimo lina lonena kuti kulibe kumene munthu angathawire Mulungu osamupeza. Anawerenga bwinobwino mpaka pamene wolembayo akuti mwina mdima ungamubise. Apo anakumana ndi liwu lalitali, lopiringizika. Analiyamba, linamukana. Anabwerera m'mbuyo, nalithamangira, linamugwetsanso. Anayesa kachitatu, mpaka thukuta pamphuno.

Chitseko chabango chinalira. Modesta sanatembenuke, poopa kuti mwina ndi mphepo chabe. Kenaka anaona dzanja lowonda likufufuza pansi, likukwera pabondo pake, n'kutambasuka pamwamba pa bukulo. A Anselmo anali atakwawa kuchokera pamphasa mpaka pakhomo.

Modesta analemba liwu lija pachikhathopo, chilembo ndi chilembo. Iwo analitchula motsitsa. Modesta anapitiriza, ndipo mzerewo unkanena kuti kwa Mulungu mdima si mdima, usiku ndi usana kwa Iye n'chimodzimodzi.

"Bwereza," anatero a Anselmo.

Anabwereza.

"Ndiye kuti muno ndilimu amandiona?"

"Ndi mmene alembera, bambo a Rozi. Ine sindinawonjezerepo kanthu."

Mapewa a bamboyo anayamba kugwedezeka.

"Mawu amenewa ndawawerengapo kambirimbiri," anatero. "Pamaliro, pa odwala, paliponse. Ndinkawaperekera anthu ena ngati woperekera zakudya pa ukwati, ine osalawako. Lero ndiye andipeza."

Modesta anangowagwira dzanja lija, misozi ikugwera pakapulana. Ndiye bamboyo anakweza nkhope.

"Make Rozi, dzuwa lili pati? Kandikhazike pamene likuwomba."

Anawadzutsa, nawayendetsa pang'onopang'ono mpaka pabwalo, nawakhazika pampando dzuwa likuwawomba kumaso. Mariamo, amene ankayanika nsomba pathandala, atawaona anataya lichero.

"Amade! Amade, tatulukani mudzaone! Bambo aja atuluka!"

Mudzi wonse unamva, monga mwa nthawi zonse. Tsiku limenelo Modesta kumunda sanapite. Anapha nkhuku imene ankasungira alendo, ndipo a Anselmo anapempha chiwalo chachiwiri.

Thupi linabwerera pang'onopang'ono, chifuwa chinatha. M'mawa uliwonse tsopano pakhonde pankakhala anthu awiri. Modesta ankawerenga, a Anselmo ankamvetsera, kenaka ankatsutsana za tanthauzo lake mpaka chipata kutsekulidwa. Nthawi zina ankapambana ndi Modesta, ndipo bamboyo ankavomera movutikira, akukanda kumutu. Ankapemphera limodzi, aliyense m'mawu ake.

Pa Khirisimasi, imene kumeneko amati Natale, Akhristu anasonkhana patsinde pa mkuyu. Kwa miyezi yonseyo ankangoimba nyimbo n'kubalalika, popeza panalibe wowawerengera. Ali mkati moimba, anaona anthu awiri akubwera. Modesta anali patsogolo, buku lili m'manja, ndipo a Anselmo anali pambuyo atagwira phewa lake, atavala jekete lawo la ku Mulanje. Nyimbo inadukira pakati. Amayi anayamba nthungululu, ana anathamanga kukawachingamira, abambo akuluakulu anapukuta m'maso mobisa.

Anthu anawapatsa malo awo akale, poganiza kuti anena Mawu a pamtima. Iwo anakana.

"Owerenga lero ndi amayi a Rozi. Ine ndabwera kudzamva nawo."

Modesta anaimirira. Amayi aja ankamuseka kumunda anali pomwepo, kukamwa kuli yasa. Anawerenga za kubadwa kwa Yesu, za mayi wosowa malo ogona ndi abusa a kubusa. Sanathamange. Pena anapunthwa, nadzikonza yekha, napitirira mpaka kumapeto. Atatseka bukulo, chimwemwe chinabuka ngati kwabadwa mwana m'mudzimo. Ngakhale Mariamo, amene anaima chapatali ndi dengu lake pamutu, anaimba nthungululu yoposa ya eni chikondwerero.

Mkulu wina wokalamba anasendera kwa a Anselmo, nawagwira chanza ndi manja awiri.

"Bambo Anselmo, ndiye tinene kuti mwachira?"

Iwo anamwetulira, nkhope yonse ikuwala.

"Maso anatsala pamsewu wa ku Massangulo, achimwene. Koma ine ndabwera."

Sanapenyenso mpaka imfa yawo, ndisakunamizeni. Koma anakhala ndi moyo mpaka waya uja anazulidwa, mpaka anafungata mdzukulu wawo pamene Rozi anabwerako ku Malawi. Ndipo pa zaka zotsala za nkhondo, paliponse pamene pagwa zovuta m'mudzimo, anthu ankaona awiriwo akulowa, wina kukawerenga, wina kukatonthoza.

Tsono inu amene mukuwerenga nkhaniyi, maso muli nawo, zilembo mukuzidziwa. Chikukuletsani n'chiyani? Musadikire kuti mavuto athe kaye, kapena kuti mtima uyambe wafuna. Mawa m'mawa tsekulani Malemba, muwerenge ngakhale ndime imodzi, mofatsa. Pamene simukumva, afunseni eni ake. Pamene pakupweteka, auzeni mosabisa, sakwiya nazo. Mukagwa ulesi, mkuja muyambirenso.

Osataya mtima, abale anga. Ngakhale kumene kwakuderaniko, Iye akukuonani.